Zaka ziwiri zoonjezera m'sukulu za ku Philippines

Philippines ndi dziko la ku Asia, la zilumba zoposa 7,000. Kumidzi anthu ambiri amalima mpunga ndi kusodza nsomba.

Kale mwana kumeneko ankaphunzira zaka 10, n'kumaliza ali ndi zaka 16. Anali akadali wamng'ono kuti alembedwe ntchito yokhazikika. Mu 2013 Pulezidenti Benigno Aquino III anasaina lamulo lotchedwa K to 12. Lamuloli linaonjezera kalasi 11 ndi kalasi 12. Makalasi atsopanowa anayamba mu 2016.

Pofika kalasi 11, wophunzira anayenera kusankha njira imodzi mwa zinayi: yokonzekera koleji, ya luso lamanja monga ulimi, kuphika ndi kuwotcherera zitsulo, ya masewera, kapena ya zojambula. Boma linkati womaliza ali ndi zaka 18 atha kupeza ntchito.

Tiyeni tione zimene zinachitika. Oyamba anamaliza mu 2018. Ambiri sanalowe ntchito, anapita ku koleji. Chifukwa chiyani? Olemba ntchito ankafunabe pepala la koleji. Komanso mu 2017 boma linachotsa fizi m'makoleji ake.

Ife akumidzi tikudziwa kulemera kwa zaka ziwiri. Sukulu ya boma ndi yaulere, inde, koma pali ndalama zoyendera, chakudya ndi yunifolomu. Kumunda nakonso manja a mwanayo amasowa. Banja losauka likalephera kumutumiza ku koleji, amabwerera ndi pepala limene olemba ntchito ambiri saliwerengera.

Mu 2025 boma linayamba kukonzanso. M'sukulu zina linayesa njira ziwiri zokha, ya koleji ndi ya luso.