Ulendo wa ku Lichinga: Ndalama Yodyetsa Banja, Yodanitsa Antchito

METANGULA — Kalata ikafika kuchokera ku Lichinga yoitana munthu mmodzi ku seminariyo ya masiku asanu, ofesi yonse imadziwa tsiku lomwelo, ngakhale kalatayo ikadali pa tebulo la abwana. Aliyense amayamba kuwerengera chamumtima kuti ulendo watha anapita ndani, nanga iye anapita liti.

Chimene anthu amalimbirana kwenikweni si maphunzirowo ayi. Ndi ndalama ya ulendo, imene pa Chipwitikizi amati ajudas de custo, pamene anzathu a ku Likoma amati alawansi. Ndalamayi imaperekedwa pa tsiku lililonse limene wantchito wakhala kutali ndi malo ake a ntchito, kuti alipire pogona ndi chakudya. Koma mphunzitsi kapena namwino wa kuno sataya ndalama ku nyumba ya alendo. Amanyamula kathumba ka usipa, nakagona kwa mlamu wake, ndipo mametikali aja amabwera nawo kumudzi. Malata ena amene mumawaona akunyezimira m'mbali mwa nyanjamu anagulidwa motero, ndipo ana ambiri a abale anavala yunifomu chifukwa cha seminariyo. Amene angamunene munthu wotere kuti ndi wadyera ayambe waona kaye malipiro ake a pamwezi, ndi unyinji wa pakamwa pamene pamadyera malipirowo.

Mwambowu unakula nkhondo itatha. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu amene anathawira ku Malawi anabwerera napeza sukulu ndi zipatala zambiri zili mabwinja. Mabungwe othandiza anafika, ndipo pambuyo pake maiko monga Ireland ndi Sweden anaika thandizo lalikulu m'chigawo cha Niassa. Pamodzi ndi thandizolo panabwera maphunziro a antchito, njinga zamoto ndi mafuta ake. Zonsezi zinali zofunika ndithu. Amene anayendapo msewu wa ku Cóbuè nyengo ya mvula sangafunse chifukwa chake wantchito wa katemera ayenera kukhala ndi njinga yamoto.

Koma njinga ili ndi kiyi mmodzi, ndipo kalata imaitana munthu mmodzi. Apa ndi pamene pamayambira mpungwepungwe. Wogwira ntchito pa Metangula penipeni amaonana ndi abwana m'mawa uliwonse, dzina lake silingaiwalike. Wa ku Cóbuè, ku Lunho, ku Meluluca kapena ku Maniamba nthawi zambiri amamva za ulendo anzake atabwerako kale, atavala malaya ndi chipewa cha msonkhano. Wina amene anali wolankhula mosaopa pa misonkhano ya antchito amayamba kutseka pakamwa, podziwa kuti wotsutsa abwana salowa pa mndandanda. Ndipo mayi akasankhidwa kawiri motsatizana, ngakhale ali wodziwa ntchito kuposa onse, miseche imene imamutsata sitingailembe m'nyuzi muno. Wotsala naye amasenza kalasi la mnzake sabata yonse popanda ndi senti yomwe, kenaka amayenera kumulandira ndi nkhope yosekerera.

Inu owerenga a m'midzi, nkhaniyi musaione ngati ya anthu a m'maofesi okha. Mayi amene wanyamuka tambala woyamba atalira, mwana wotentha thupi ali kumsana, nakapeza pa chipatala chaching'ono pali wosesa yekha chifukwa namwino ali ku Lichinga, walipira nawo ulendowo. Zingatheke kuti namwinoyo akuphunzira njira yatsopano yochizira malungo, imene idzapulumutsa mwana wina chaka cha mawa. Koma wa leroyu akudwala lero.

Ifenso a m'midzi tinalawako. Kuyambira 2011, pamene boma linakhazikitsa malo otetezedwa pa Nyanja ya Niassa, asodzi akhala akuitanidwa ku misonkhano ya makomiti a usodzi, ndipo funso loyamba limakhala lakuti kodi kuli kangachepe. Msodzi sakulakwa kufunsa, pakuti tsiku la msonkhano ndi tsiku limene ngalawa yagona pamtunda. Chowawa ndi chakuti maina omwewo ndi amene amabwerezedwa, ndipo mkangano wa mu ofesi wafika mpaka pa dooko.

Boma lakhudzapo nkhaniyi kangapo. Mu 2016, ngongole zobisika zitaululika ndipo maiko othandiza ataimitsa ndalama zawo zopita mu bajeti, ndalama za maulendo, mafuta ndi masemina zinadulidwa. Maulendo atachepa, mkangano sunachepe, unangokula, poti nyama inali yochepa ndipo mipeni inali yomweyo. Mu 2022 kunabwera Tabela Salarial Única, ndondomeko imodzi ya malipiro ya magawo 21, imene cholinga chake chinali kuchepetsa kusiyana kwa malipiro ndi kuphatikiza ndalama zambiri zapadera m'malipiro enieni. Ena anakwezedwa nakondwa, ena anaona kuti alandidwa. Madokotala ananyanyala ntchito mu Disembala chaka chomwecho, ndipo m'zaka zotsatira aphunzitsi analira kwambiri ndi ndalama za maola owonjezera zimene zinachedwa kulipidwa.

Tabela imaneneratu poyera kuti wa gawo lakuti alandira zakuti, ndipo aliyense angathe kuwerenga. Za amene akwere galimoto ya ku Lichinga Lolemba likudzali, zimenezo sizinalembedwe pa tabela iliyonse; zimatuluka pakamwa pa abwana, chitseko chili chotseka.