Kodi Sukulu Zowongola Ana Opulupudza Zimawongoladi?

Nkhani yathu lero ndi ya anyamata ndi atsikana amene akanika makolo awo: othawa sukulu, akuba, osuta chamba, ogona kunja. Mwana akafika pamenepo, ambiri a inu mumati, "Bwenzi atamtenga akamsunge kumene kuli mwambo wolimba, kuti akabwereko ali munthu." Maganizo amenewa si a kuno kokha. Maiko ena anawayesa zaka zambiri-mbiri, ndipo nkwabwino kuti mumve zimene anapeza.

M'chaka cha 1902 Boma la ku England linayamba kupatula anyamata olakwa, kuwachotsa pakati pa akaidi aakulu ndi kuwasunga pa ndende ya m'mudzi wa Borstal, m'dera la Kent. Dzina la mudziwo linasanduka dzina la nyumba zonse zotere, kufikira lamulo la 1982 linazithetsa. Panalinso sukulu zogonera komweko za ana ocheperapo msinkhu otumizidwa ndi bwalo la milandu. Kumeneko ana ankaphunzira ukalipentala, kumanga ndi kulima, nadzuka ndi belu, nagona ndi belu.

Pa sukulu ina yotere, ya Kingswood pafupi ndi Bristol, anachita chinthu chanzeru. Kuyambira 1965 anagawa anyamata 173 m'nyumba ziwiri mwa maere, kuti wina asadzanene kuti nyumba iyi inalandira ana ofatsa okha-okha. Nyumba imodzi inasunga mwambo wakale wa malamulo ndi chilango. M'nyumba inayo anyamata ankakhala pansi ndi owalera kukambirana mavuto awo. Atatuluka, anawawerenga patapita zaka ziwiri. Pafupi-fupi 7 mwa anyamata 10 alionse anali atapezekanso olakwa pa bwalo la milandu, ndipo chiwerengerocho chinali chimodzi-modzi ku nyumba zonse ziwiri.

Tsono tiwoloke nyanja. M'zaka za m'ma 1930, m'mizinda ya Cambridge ndi Somerville ku America, Dr. Richard Cabot anayambitsa ntchito yothandiza anyamata a m'mabanja osauka. Anawaika awiri-awiri ofanana msinkhu ndi khalidwe, naponya ndalama m'mwamba kuti asankhe wolandira chithandizo. Wosankhidwayo anapatsidwa mlangizi, dokotala, womthandiza maphunziro, ndipo ambiri anatumizidwa ku misasa ya anyamata pa nyengo ya tchuthi. Mnzakeyo anangosiyidwa. Patapita zaka 30, mai wophunzira dzina lake Joan McCord anawalondola amuna aja oposa 500, nafalitsa zimene anapeza mu 1978. Mvetsani bwino apa. Ambiri mwa othandizidwa anayamika, nati alangizi aja anawapulumutsa. Koma mabuku a makhoti ndi a zipatala ananena zina: othandizidwawo ndiwo anachuluka pa kubwereza milandu, pa uchidakwa, ndi pa kufa msanga. Amene zinawaipira koposa ndi aja anapita ku misasa kangapo.

Zingatheke bwanji kuti chifundo chipweteke mwana? Akulu athu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mukasonkhanitsa ana makumi anai opulupudza pa malo amodzi, mphunzitsi wawo weni-weni sakhala bambo wa belu uja ai, koma mnyamata wolimba mtima amene usiku, nyali itazima, amasimba m'mene anathyolera sitolo, anzake nkumaseka. Kusekako ndiye malipiro ake, ndipo wamng'ono amene anabwera chifukwa choba nkhuku amatuluka atadziwa kuthyola loko. Chinanso nchakuti mwana amazolowera kumvera belu, koma kwao kulibe belu. Akabwerera apeza bambo akali kumwa, anzake akale akali pa msika pomwe paja, kusukulu malo ake atatha.

Palinso choopsa cha zitseko zotseka. Ku America kuli malo ambiri otere a anthu wamba, amene makolo amalipira ndalama zochuluka, ena a m'chipululu, ena oyendetsedwa monga msasa wa asilikali. Mu 2007 ofesi yofufuza ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inanena kuti madandaulo a nkhanza pa malo otere anafika zikwi-zikwi, ndipo inalongosola imfa za ana 10. Ena mwa anawa ankadwala ndithu, koma owasunga osaphunzira ntchito anayesa kuti akunamizira.

Musaganize kuti ndikuti mwana asachoke pakhomo zivute zitani. Mwana wofuna kudzipha, wodwala maganizo kwambiri, kapena amene kwao nkumene akumzunza, ayenera kupeza pogona pena pamene pali anthu odziwa ntchito. Nkhani yagona pa mtundu wa malowo. Ku Oregon, Patricia Chamberlain anayesa kuika mnyamata wolakwa yekha m'banja lophunzitsidwa kulera ana otere kwa miyezi yowerengeka, pamene makolo ake eni-eni akuphunzitsidwanso kum'gwira. Mu 1998 anaonetsa kuti anyamata amenewa sankathawa kawiri-kawiri, ndipo milandu yawo inachepa poyerekeza ndi ya anzawo osungidwa m'magulu. Kuno ku Malawi tili ndi malo osungira ana olakwa ku Chilwa ndi ku Mpemba, komanso lamulo la 2010 loteteza ana limalola kuti mlandu waung'ono wa mwana uthere kunja kwa bwalo, monga kupepesa, kubweza chimene anaba, kapena kuyang'aniridwa ali kwao.

Tsono inu bambo, inu mai, ndi inu malume amene mwana wa mlongo wanu wakulemetsani, wina akakuuzani za malo otere, funsani musanavomere. Kodi mudzaloledwa kukamuona ndi kulankhula naye panokha? Akadwala amamuona ndani? Adzakhalako miyezi ingati, ndipo akatuluka ndani adzamyendera kunyumba ndi kumpezera malo kusukulu? Akakuonetsani makalata a ana oyamika, kumbukirani amuna a ku Somerville aja, ndipo mufunse kuti mwa ana amene anatuluka zaka ziwiri zapitazo, ndi angati ali pa sukulu kapena pa ntchito lero.

Sabata ya mawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za ntchito ya olangiza ana amene bwalo lawabweza kwa makolo awo. Gonani bwino.