Ndege yaing'ono ikagwa ponyamuka, tisathamangire kunamizira injini

Ndege yaing'ono ikagwa itangonyamuka, anthu sachedwa kugamula kuti injini inazima. Chimawasokoneza ndi liwu lakuti stall, lomwe ofufuza ngozi amalitchula kawirikawiri. Kwa dalaivala wa galimoto liwuli limatanthauza kuzima kwa injini, koma pa ndege chimene chimakana ntchito ndi phiko, injini ikubangula bwinobwino.

Amene anatulutsapo dzanja pazenera la basi yothamanga akudziwa kale nkhaniyi. Ukapendeketsa chikhatho pang'ono, mphepo imachinyamula. Ukachipendeketsa kwambiri, kunyamula kuja kumatha, mphepo n'kumangochikankhira kumbuyo. Phiko nalo n'chimodzimodzi: likakumana ndi mphepo mopendekeka kupitirira madigiri pafupifupi 15, mpweya umaleka kuyenda mosalala pamwamba pake ndipo ndege imayamba kutitimira.

Ena amati izi zimachitika pokhapokha ndege ikamayenda pang'onopang'ono. Ayi ndithu. Ndege yaing'ono ya Cessna 172 youluka mowongoka imafika pamenepa pa liwiro la makilomita pafupifupi 90 pa ola, koma ikamakhota itapendekeka madigiri 60, mapiko amasenza kulemera kowirikiza kawiri, ndipo liwiro lija limakwera kufika pafupifupi 125. Liwiro lomwe linali lokwanira kamphindi kapitako limasanduka loperewera.

Chikhulupiriro choopsa kwambiri n'chakuti ndege ikamatsika uyenera kukoka chiwongolero kuti ikwere. Thupi limalamula choncho kumene, makamaka mitengo ikamakula pamaso pako, kalipenga kochenjeza kakulira m'makutu. Koma kukoka ndiko kuthira mafuta pamoto. Mankhwala ake ndi kukankha chiwongolero, mphuno ya ndege iweramire pansi pomwe ukupaopapo, kuti phiko ligwirenso mphepo. Wolfgang Langewiesche anaphunzitsa zimenezi m'buku lake lakuti Stick and Rudder kale mu 1944, koma manja a munthu wamantha sawerenga buku.

Nanga injini ikazimadi ndege ili m'munsi, si nzeru kubwerera pabwalo? Apa ndiye pathera ambiri. Kukhota kumadya liwiro ndi utali womwe, ndipo phiko limodzi likayamba kukana linzake lisanatero, ndege imazungulira ngati nguli mpaka pansi. N'chifukwa chake aphunzitsi amati tera kutsogolo, kaya ndi m'munda wa chimanga.

Kunja kukayera, dzuwa lili phwee, timati lero n'kwabwino kuuluka. Komatu mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo pamalo okwera umapepukiratu. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Masana a mu Okutobala ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, n'kumakwera mwaulesi. Woyendetsa wopupuluma amakoka chiwongolero msanga.

Inu okwera, akakuuzani kuti mukwere pa sikelo, kapena kuti chikwama china chitsale, musanyinyirike. Katundu akachulukira kumchira, mphuno imadzuka yokha ndipo imavuta kuibweza.