Makina akamafa amasiya mawu

Mlamu wanga wa kwa Mavwere anandipanikiza tsiku lina tikudya mtedza pakhonde. "Alamu, inu mumakhala ku Lilongwe. Mumadziwa bwanji kuti makina afa kuno ife tisanakuimbireni? Kapena pali zitsamba?" Ndinawauza kuti zitsamba zake ndi kaundula basi.

Kompyuta, ngakhale kabokosi ka intaneti kopachika pakhoma, imalemba zochita zake mzere ndi mzere: ndadzuka nthawi yakuti, wina walakwitsa pasiwedi katatu, batire ikutha. Pantchito timati ma log. Tsoka lake, kaundulayu akasungidwa m'makina momwemo, mphenzi ikawomba amapsera limodzi. Ndiye timalamula makinawo kuti mzere uliwonse azitumizanso pa netiweki ku kompyuta imodzi yosonkhanitsa, monga nyakwawa amakatula nkhani kwa gulupu, gulupu kwa a T/A Mavwere.

Njira yakale yochitira izi ndi syslog, imene Eric Allman anakonza m'zaka za m'ma 1980. Uthenga uliwonse umakhala ndi nambala ya kulemera kwake, kuyambira 0, kutanthauza kuti nyumba yayaka, mpaka 7, timanong'onong'o timene amafuna ndi wokonza yekha. Nambala 7 imeneyo samalani nayo. Mukaisiya yotsegula, bandulo ya mwezi wathunthu imangosungunuka.

Poyamba syslog inkayenda pa UDP, khomo 514. Kumeneko n'kupatsira kalata kondakitala wa minibasi pamsewu wa M12 osafunsanso ngati yafika. Netiweki ikadukaduka, monga imachitira nthawi ya dzinja, mizere imatayika popanda wodziwa. Ine kumudzi ndimakonda TCP, njira imene imafunsa ngati kalata yafika, komanso kuti makina azisungira uthengawo mpaka njira itseguke.

Chimene chinandichititsa manyazi ndi wotchi. Pamalo ena kwa Mavwere komweko magetsi anazima usiku, ndipo kabokosi kathu katadzuka kanayamba kutumiza mauthenga a pa 1 Januwale 1970, tsiku limene makina a mtundu wa Unix amayambira kuwerenga nthawi. Kanalibe batire ya wotchi. Mauthenga ankafika ndithu, koma ankakagona pansi penipeni pa mndandanda, kumene sindinkayang'anako. Ndinaganiza kuti kafa. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, fumbi lokhalokha, n'kukapeza nyale zake zikuthwanima bwinobwino, mlonda akundiyang'ana modabwa.

Kuyambira pamenepo makina anga onse amayamba afunsa nthawi pa NTP akangodzuka, ndipo kompyuta ya ku Lilongwe imalembanso yokha ola limene uthenga wafika. Mlamu wanga mpaka pano amati ndinawononga ndalama ya thiransipoti kukazonda munthu wosadwala.