Mpeni wathu sufika kumene mukuopako

Bambo wina wa cha ku Mpingu anabwera kuchipatala kwathu khungu lakunsonga kwa chida chake litathina mpaka kukanika kubwerera m'mbuyo, pokodza akumva ululu. Anapirira kwa nthawi yaitali chifukwa anzake pabawo anamuuza kuti munthu wamkulu akadulidwa amagwa mu mpapaya, ati kuchipatala timadula "mtsempha wa mphamvu". Zinandipweteka mtima. Bodza limeneli lili ponseponse, ku Chitedze, ku Nsaru, ku Kabudula, ndipo likuzunzitsa abambo popanda chifukwa.

Pa mdulidwe timachotsa khungu basi. Mbewu ya abambo imapangidwa m'machende, ndipo njira zake zimadutsa mkati, kutali ndi pamene manja athu akugwira. Chida chimadzuka magazi akadzaza m'minofu ya mkati mwake, ndipo minofuyo sitiikhudza n'komwe. Nanga mphamvuyo ithawira pati? Anzathu a ku Mangochi ndi ku Machinga akhala akupita ku jando kuyambira kalekale, koma ana ali mbwee m'midzi mwawo.

Tikabaya jakisoni wochititsa dzanzi, njira zilipo zingapo. Ine ndimakonda dorsal slit: timang'amba khungu chapamwamba kuti mutu uonekere, kenako n'kulidula mozungulira, chilichonse tikuchiona. Forceps-guided ndi yachangu, timakoka khungu n'kulipana ndi chitsulo tisanadule, koma mutu umabisika, n'chifukwa chake siloledwa kwa anyamata osakwana zaka 15. Palinso ShangRing, timphete tiwiri tapulasitiki tosafuna kusoka, timene timachotsedwa pakatha sabata. Pa njira zosoka, ulusi umasungunuka wokha.

Phindu la mdulidwe linaoneka pa kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa mu 2005, kenako ku Kisumu ndi ku Rakai: mwayi woti bambo atenge HIV kwa mayi umatsika ndi pafupifupi 60 pa 100. Bungwe la WHO linavomereza mdulidwe ngati njira yopewera HIV mu 2007. Chiopsezo chimatsalabe ndithu, kotero kondomu musaitaye.

Mukadulidwa, dikirani masabata 6 musanakhale malo amodzi, ngakhale matupi amasiyana ndipo ena amachedwerapo kupola. Pabala musaikepo zitsamba kapena phulusa, mungaitane kafumbata. Magazi akapanda kusiya, kapena mukaona kutupa kwambiri ndi mafinya, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.