Kodi mumadziwa kuti pa Mars dzuwa limalowa ndi kuwala kwa buluu?

Pa pulaneti la Mars, pamene usana thambo limakhala lofiirira, dzuwa likamalowa limazingidwa ndi kuwala kwa buluu. Chombo cha NASA chotchedwa Curiosity chinajambula zimenezi pa 15 Epulo 2015 m'chigwa cha Gale.

Fumbi losalala la kumeneko ndilo limamwaza kuwala kofiira, n'kulola kwa buluu kudutsa pafupi ndi dzuwa. Koma kuno kwathu mpweya umamwaza kwa buluu, kotero kuti dzuwa likapendeka, kuwala kwake kutayenda ulendo wautali mumpweyamo, kumatifika kofiira ndi kwachikasu.

Chifukwa chake ojambula zithunzi, podziwa kuti kufiira kwa madzulo kumafunditsa mtima ndi kukumbutsa munthu kwawo, pamene buluu amadzetsa kuzizira ndi kusungulumwa, amadikira mofatsa nthawi yoyenera, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inunso, mukafuna chithunzi chachimwemwe, jambulani dzuwa lisanabisike. Mukafuna chachisoni, dikirani litalowa, thambo litasanduka la buluu.