Antipa, mboni ya vesi limodzi

Ndili mwana ndinkakonda kutsatira agogo aamuna kubwalo la milandu, patsinde pa mkuyu. Munthu akaimirira kuti apereke umboni, nyakwawa inkayamba ndi funso limodzi: "Munaona ndi maso anu, kapena munangomva?" Pobwerera kunyumba agogo ankandiuza kuti mboni yeniyeni umaidziwa tsiku limene wolakwayo ndi mbale wake. Mawuwa amandibwerera ndikamawerenga Chivumbulutso 2:13.

Vesili limakamba za Antipa, Mkhristu amene anaphedwa mumzinda wa Pergamo, umene lero ndi Bergama m'dziko la Turkey. M'Baibulo lonse amangotchulidwa pamenepa basi. Komabe Yesu akumupatsa dzina la mboni yokhulupirika, dzina lomwe iye mwini akutchedwa nalo pa Chivumbulutso 1:5. Ku Pergamo kunali kachisi wopembedzeramo Augustus, mfumu ya Aroma, komanso guwa lalikulu la Zeus, ndipo vesili likuti Satana anali ndi mpando wake mumzindamo. Kukhala Mkhristu kumeneko kunali kuika khosi pampeni.

Nanga mipingo imamuona bwanji Antipa?

Akatolika ndi a Orthodox amayang'ana magazi ake. M'Chigiriki liwu lotanthauza mboni ndi martys, ndipo ndi limene linabala liwu loti amalitiri, anthu ofera chikhulupiriro. Mwambo wakale wa mpingo umati Antipa anali episkopi wa Pergamo, ndipo anamuwotchera m'chifanizo cha ng'ombe yamkuwa. Amamukumbukira pa 11 Epulo. M'gulu lomweli Akatolika amaikamo Charles Lwanga ndi anzake, amene anawotchedwa ku Namugongo, ku Uganda, pa 3 Juni 1886 polamulidwa ndi mfumu Mwanga. Papa Paul VI anaika Akatolika 22 amene anaphedwa ku Uganda m'nyengo imeneyo m'kaundula wa oyera mu 1964. Pakati pa ophedwawo panalinso Aangilikani 23.

Mlaliki wa CCAP kapena wa Baptist amakokera maso athu kwina. Iye sapempha Antipa kuti amupempherere. Amatsindika zoti Akhristu a ku Pergamo anagwiritsa dzina la Yesu osalitaya, ndiye umboni kwa iye ndi kulalika Mawu osawasungunula. A Pentekosite amalumikiza nkhaniyi ndi Machitidwe 1:8, pomwe mphamvu ya Mzimu Woyera ndiyo imasandutsa munthu mboni. N'chifukwa chake Lamulungu mayi amaimirira kutsogolo, mwana ali kumsana, mawu akunjenjemera, n'kufotokoza mmene Mulungu anamuchiritsira mwanayo. Kumeneko ndiye kuchitira umboni.

A Mboni za Yehova, amene anatenga dzinali mu 1931 kuchokera pa Yesaya 43:10, amamuona Antipa ngati munthu amene anakana kupatsa boma ulemu woyenera Mulungu yekha. Kuno kwathu kumasuliraku kunawalowetsa m'moto. Anakana kugula khadi la chipani, boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'nyengo yomweyo ena anachitira umboni m'njira yosiyana kotheratu. A Mboni anati sitilowa nawo ndale. Maepiskopi a Katolika anakana kukhala chete anthu akuzunzika. Kalata yawo yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, apolisi anawaitana kukawafunsa mafunso, ndipo mmodzi wa amene anasaina kalatayo, John Roche, anathamangitsidwa m'dziko muno. A Mboni anakana pochoka m'bwalo la ndale, maepiskopi anakana polankhula m'bwalomo, koma onse analipira.

Pamenepa ndi pomwe ine ndaima. Mipingo ikhoza kusiyana pa za oyera, za Mzimu ndi za boma, koma palibe umene umaphunzitsa kuti Antipa anasintha mawu ataona imfa. Umboni wosakutayitsa kanthu ndi wopepuka ngati mankhusu.

Ambirife sitidzaponyedwa m'ng'ombe yamkuwa. Mayeso athu ndi sikelo yogulira chimanga, lisiti la kuofesi, ndi mlandu wa munda wa mayi wamasiye pomwe wolandayo ndi malume athu. Tsiku limenelo likafika, inu owerenga, nenani zimene munaona ndi maso anu, ndipo musazisinthe.